FM-150 ya Airflow Performance pa Lycoming O-360: mmene ikugwirira ntchito pa RV-7 yathu

Amene mukumanga ndege panokha ndipo mwafika pa nkhani ya mmene mafuta azilowera mu injini, ine ndikuti FM-150 ya Airflow Performance, servo (chipangizo choyeza mafuta opita ku manozo) yolowa m'malo mwa kabureta, ndi yabwino, ndipo atati ndisankhenso lero ndingasankhe yomweyi. Koma ubwino wake ukudalira munthu amene akuigula ndi malo amene amaulukako, ndiye ndifotokoze mwatsatanetsatane kuti musangomva kuti wina waiyamikira n'kuthamangira kuitanitsa.

Ndege yathu ndi RV-7, ya mipando iwiri, yochokera ku Van's Aircraft ya ku Oregon. Imabwera ili zidutswa za aluminiyamu m'mabokosi, eni ake n'kumaboola, kukhoma marivet ndi kulumikiza mpaka ikhale ndege. Tinamanga awiri, ine ndi mdala wina amene ndimakonza naye majenereta a dizilo kuno ku Johannesburg. Injini tinagula yogwirapo kale ntchito, Lycoming O-360 ya masilinda anayi, mahosipawa 180 pa 2,700 rpm, ndipo inabwera ndi kabureta yake ya Marvel-Schebler kunsi kwa sump. Mdalayo anandiuza kuti, "Iwe tsiku lililonse uli pa mapampu ndi manozo. Za mafuta sankha ndiwe, koma udzandiuze chifukwa chake, poti m'ndegemo tidzakweramo tonse."

Kabureta si yoipa ayi. Ndege zambirimbiri za Cessna ndi Piper zauluka nayo kwa zaka zosawerengeka. Mavuto ake ndi awiri. Loyamba ndi madzi oundana. Mpweya ukamadutsa pakhosi popanikizika pa kabureta, petulo n'kumasanduka nthunzi pomwepo, pamazizira kwambiri moti chinyezi chimaundana n'kuyamba kutseka njira ngakhale kunja kuli madigiri 20. Kuno ku Highveld nyengo yozizira mpweya ndi wouma ndipo vutoli silikula, koma tsikirani ku Durban kapena ku Margate mukaone chinyezi chake. Vuto lachiwiri ndi limene linkandidya kwambiri: kagawidwe. Kabureta ndi imodzi, masilinda ndi anayi, ndipo mafuta ndi mpweya zimasakanikirana pansi n'kukwera m'mapaipi anayi, osalandira mofanana. Zili ngati ana anayi pa mbale imodzi ya ndiwo, wina kutola nyama, wina kungonyambita msuzi. Mukamachepetsa mafuta muli m'mwamba, silinda yosowayo imayamba kuphonya zinzake zisanafike pamene mukufuna, injini imanjenjemera, inu n'kubwezeretsa mafuta. Mapeto ake masilinda atatu amamwa zopyola muyeso kuti imodzi ikhute.

Njira zochokera ku kabureta zilipo ziwiri. Yakale ndi ya makina okhaokha, imene Bendix anaitchukitsa ndi servo yawo ya RSA, yomwe ili pa ma Lycoming ambiri oyamba ndi zilembo IO. Masiku ano RSA imapangidwa ndi Precision Airmotive, ndipo ya ndege zomanga tokha amaitcha Silver Hawk EX. Airflow Performance ya ku Spartanburg, South Carolina, imapanga zake zotsatira mfundo yomweyo, FM-100, FM-150 ndi FM-200. Njira yachiwiri ndi ya kompyuta, monga SDS ya ku Calgary m'dziko la Canada, kapena EFII ya ku California.

Ya kompyutayo inandikopa, sindibisa. Imayeza yokha pulesha ya mpweya wolowa mu injini, kutentha kwake ndi liwiro la injini, n'kutsegula injector iliyonse kwa kanthawi koyenera. Injini yotentha imalira msanga popanda kuinyengerera. Pa SDS mutha kuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta a silinda imodzi yokha muli m'mwamba, pongodina mabatani. Mafuta amazungulira nthawi zonse pa pulesha ya pafupifupi 40 psi, otsala n'kubwerera m'thanki, choncho sawira m'mapaipi, ndipo n'chifukwa chake amene amathira petulo wa galimoto amaikonda. Rotax anatulutsa injini ya kompyuta ya 912 iS mu 2012, ndipo ndege zambiri za Sling zomangidwa ku Tedderfield, kumwera kwa Johannesburg, zikuuluka nayo tsiku ndi tsiku. Ndiye pasapezeke wonena kuti kompyuta pa injini ya ndege ndi masewera.

Chimene chinandibweza ndi magetsi. Rotax 912 iS inapangidwa kuchokera pachiyambi ili ndi majenereta awiri m'kati mwake ndi njira ziwiri za kompyuta, ndipo akatswiri a fakitale anaziyesa zonse pamodzi. Pa Lycoming yanu, katswiriyo ndinu. Mapampu, kompyuta, makoyilo ndi ma injector pamodzi zimadya ma amp opitirira 10 mosalekeza, ndipo magetsiwo akangoduka injini imazima nthawi yomweyo. Choncho pamafunika alternator yachiwiri, batire lachiwiri kapena limodzi lalikulu ndithu, mawaya apadera a injini osagawana ndi mawailesi, ndi maswitchi oti dzanja liwapeze ngakhale mutu utasokonezeka. Pamafunika maginito pa flywheel ndi sensa yake, imene waya wake umadutsa pafupi ndi lamba wa alternator ndipo uyenera kutetezedwa kuti lamba akaduka asaukwapule. Pamafunikanso paipi yobweza mafuta ku thanki lililonse, ndi valavu yosankhira thanki ya njira ziwiri kuti mafuta azibwerera kumene achokera. Zonsezi anthu amazichita bwino, ndaziona ndi maso anga kwa anzathu a EAA Chapter 322, gulu la omanga ndege paokha kuno ku Johannesburg. Koma ine ntchito yanga ndi majenereta, ndipo ndikudziwa chimene chimandidzutsa usiku. Si pisitoni yosweka. Ndi waya wa earth wamasuka, ndi relay yachita dzimbiri, ndi kawaya kothyokera m'kati mwa pulasitiki yake kunja kukuoneka bwinobwino. Malo aliwonse amene ndalumikiza waya ndi dzanja langa ndi malo amene tsiku lina angamasuke, ndipo sindinafune kuti kulira kwa injini kudalire malo ambiri otero.

Ndi FM-150, pampu yoyendetsedwa ndi injini yomwe, ndi ma magneto awiri opanga okha moto wa mapulagi, injini siifuna batire ikangolira. Tinayesa tili pamwamba penipeni pa bwalo lathu, patali ndi nthaka mokwanira kuti titha kutera ngakhale itazima. Mdala anagwira ndodo yowongolera ndege, ine n'kuzimitsa master switch. Wailesi inangoti zii, mageji a magetsi anagwa, koma injini sinasinthe kamvekedwe ngakhale pang'ono. Maloto athu ndi odzachoka ku Polokwane mpaka ku Chileka, makilomita opitirira 1,000 pamwamba pa Zimbabwe ndi Mozambique, kumene malo ambiri pansi ndi tchire. Pa ulendo wotero ndikufuna kuti alternator ikafa, chondidetsa nkhawa chikhale wailesi basi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva kwa aliyense amene anatsegulapo pampu. Mpweya ukamadutsa m'khosi mwa servo umakoka mbali imodzi ya diaphragm ndi kukankha mbali inayo. Mphamvu imeneyo imalimbana ndi diaphragm ina ya mafuta, ndipo kulimbanako n'kumene kumatsegula kavalavu kotulutsa mafuta. Mpweya wambiri, mafuta ambiri. Kuchoka apo mafuta amakwera paipi imodzi kupita ku kachitsulo kogawa kamene kamakhala pamwamba pa injini, kenako timapaipi tinayi tating'ono ta stainless timapita ku nozo ya silinda iliyonse, pafupi ndi valavu yolowetsa mpweya. Mafuta amatuluka mosalekeza, palibe chowerengera nthawi.

Kuika servo yeniyeniyo ndiye ntchito yaing'ono pa zonse. Imakhala pamalo pomwe panali kabureta. Ntchito ili pa zozungulira. Kabureta imakhutira ndi pulesha ya mafuta yosapitirira 8 psi, pamene iyi imafuna pafupifupi 25 mpaka 30, choncho pampu ya pa injini inachoka n'kubwera ya pulesha yaikulu, pampu ya magetsi yothandizira nayonso chimodzimodzi, pamodzi ndi fyuluta yake. Mabulaketi a zingwe za throttle (chotsegulira mpweya) ndi mixture (chogwirira chofiira chochepetsera mafuta) anasintha. Bokosi la fyuluta ya mpweya linafunika kulisema kuti ligwirizane ndi kukamwa kwa cowling, chophimba cha injini, ndipo musaiwale kachitseko kolowetsa mpweya wapadera, chifukwa ngakhale kabureta yachoka, fyuluta itha kutsekeka ndi matalala kapena mbalame. Mapaipi ofewa ndinakapangitsa ku shopu ina ya mahosi a hydraulic kuno, ndipo anandiikira mitu ya makina a mgodi, ulusi wake ndi ngodya yake zosagwirizana ndi za AN za ndege. Zimalowa ndithu mukamanga, ndipo apo ndiye pali ngozi, chifukwa zimadzayamba kudontha pamwamba pa ekisozi. Ndinazibweza zonse n'kuitanitsa za Teflon zokutidwa kale ndi chotchinga moto.

Pali tinthu tiwiri tating'ono timene AP wathu, munthu wovomerezedwa kuyendera ndege zomanga tokha kuno ku South Africa, anayang'ana nthawi yaitali kuposa servo. Koyamba ndi makilampu a timapaipi ta stainless tija. Timapaipito tikamanjenjemera topanda chogwirira timasweka pafupi ndi mutu, petulo n'kumapopera pa silinda yotentha, ndipo Lycoming ali ndi Service Bulletin 342 yonena za makilampu amenewa. Kachiwiri ndi mmene nozo yayang'anira. Nozo iliyonse ili ndi kabowo kolowera mpweya kobisika pansi pa chitetezo chake, ndipo pa mbali imodzi ya mutu wake panadindidwa chilembo A. Chilembocho chiyang'ane pansi kuti kabowo kakhale pamwamba, apo ayi mukazimitsa injini petulo amadontha pamenepo n'kusiya mawanga abuluu a avgas, petulo wa ndege, pa silinda.

Tisanalize injini tinachita mayeso a mabotolo. Tinamasula manozo onse anayi, n'kuwalumikizanso ku timapaipi tawo ali panja, iliyonse kukamwa kwa kabotolo kopanda kanthu ka chakudya cha ana cha Purity. Ndege tinaikankhira panja, chozimitsira moto chili pafupi. Throttle yonse, mixture yonse, pampu ya magetsi n'kuyatsa. Zimene mumafuna kuona ndi timizere tinayi ta petulo toongoka ngati waya, tosagawikana, tosapendama. Kenako mumaika timabotoloto pa tebulo lathyathyathya n'kugwada kuti diso lifanane ndi petuloyo. Tathu tinali ndendende. Nozo yothira mopendama imakhala ndi kanyenyeswa m'kati, ndipo mankhwala ake ndi kuiviika mu acetone ndi kuiuzira mpweya. Waya kapena singano musalowetsemo, mudzakulitsa bowo limene linayezedwa mpaka tizigawo ta inchi tosaoneka ndi maso. Tinayesanso kuti pampu ya magetsi payokha ikutulutsa mafuta opitirira 125 peresenti ya amene injini imamwa ponyamuka, ndege itakwezedwa mphuno monga ikukwera, thanki lili ndi mafuta ochepa.

Tsopano pamene ndalama zathu zinabwerera ndi apa. M'kati mwa nozo iliyonse ya Airflow muli kachitsulo kochotseka kokhala ndi bowo loyezedwa. Kukula kozolowereka pa Lycoming ndi inchi 0.028, ndipo iwo amagulitsa tosiyanasiyana tosiyana ndi 0.0005 yokha. Ndiye mutha kupatsa silinda iliyonse mafuta ogwirizana ndi mpweya umene ikulandiradi. Njira yoyezera inatchuka ndi a kampani ya GAMI ya ku Ada, Oklahoma. Mumakwera pamwamba pomwe injini singapitirire 65 peresenti ya mphamvu yake, n'kumakoka mixture pang'onopang'ono kwambiri, mnzanu akulemba kutentha kwa utsi wa silinda iliyonse ndi malita amene injini ikumwa pa ola. Mukamachepetsa mafuta utsi umatentha, umafika pachimake, kenako umayamba kuzizira. Chofunika si kuti yatentha madigiri angati, koma kuti silinda iliyonse yafika pachimake injini ikumwa malita angati. Yoyamba kufika ndi yosowa, ikufuna bowo lokulirapo. Yomaliza ndi yokhuta, ikufuna locheperapo.

Poyamba kusiyana kwa yoyamba ndi yomaliza kunali pafupifupi malita 4 pa ola. Tinatumiza manambala athu ku Airflow pa imelo, ndipo yankho lawo linali la munthu amene wawerengadi manambalawo. Anatilangiza kuti titsike kaye manozo onse kufika pa 0.024. Chifukwa chake n'chakuti mafuta akachepa, pulesha ya pa nozo ya bowo lalikulu imatsika kwambiri, moti kagawidwe kamadalira kachitsulo kogawa kaja m'malo mwa manozo. Bowo laling'ono limakweza pulesha, manozo n'kuyamba kulamulira. Anatichenjezanso kuti tikasintha tione kuti ponyamuka injini ikulandirabe mafuta ake onse, chifukwa bowo likachepa kwambiri pampu imalephera kukankha okwanira pa mphamvu yonse. Titasintha, n'kusinthanso tiwiri mwa tinayito ndi 0.0005, kusiyana kunatsika kufika pansi pa lita imodzi. Kusintha kamodzi ndi ntchito ya mphindi zochepa: kumasula nati ya kapaipi, kukoka kachitsuloko ndi zala, kuika kena. Chachitali ndi kudikira kuti envulopu ifike kuchokera ku America.

Zotsatira zake ndimazimva m'mipando. Ndikakoka mixture kudutsa pachimake, masilinda onse anayi amawolokera limodzi mbali ya mafuta ochepa, injini ikulira mosalala. Pa mafiti 8,500 kapena 9,500 kale tinkamwa malita pafupifupi 36 pa ola, pano ndi 29, liwiro litatsika pang'ono pokha. Mitu ya masilinda imakhala kutali pansi pa madigiri 400 a Fahrenheit, pamene malire a Lycoming ndi 500. Mapulagi apansi ndikawamasula sakhala ndi timibulu tambiri ta mtovu. Matanki a RV-7 amatenga malita 159, ndiye mukawerengetsa mupeza kuti taonjezera pafupifupi ola lathunthu m'mwamba. Kuno kumwera kwa Africa avgas sapezeka pa bwalo lililonse, ndipo ola limenelo ndi lalikulu.

Zimene FM-150 sikuchitirani nazo zilipo, ndipo ndi khalidwe la ma servo onse a mtundu uwu. Siidziwa bwino kuti mwakwera. Mpweya ukapepuka, mafuta amachulukira, ndipo dzanja lanu ndi limene liyenera kukonza. Mabwalo a Johannesburg ali pa mafiti pafupifupi 5,500, ndipo masana a Disembala kukatentha madigiri 30 injini imamva ngati ili pa mafiti opitirira 8,000, mphamvu yake itatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukanyamuka mixture ili yonse m'kati monga amaphunzitsira pa mabwalo otsika a m'mphepete mwa nyanja, injini imakhuta, ndege imadya msewu wautali. Choncho tisananyamuke timakweza injini n'kukoka chofiira cha mixture chija mpaka ipeze mphamvu yake, kenako n'kubwezera pang'ono. Mukatsikira ku Durban muyenera kukumbukira kuchita zosiyana. Kompyuta ikanachita izi yokha, ndipo kwa munthu woiwalaiwala imeneyo ndi mfundo yolemera.

China ndi kuliza injini yotentha. Timapaipi ta stainless tija tili pamwamba pa masilinda. Mukatera n'kuzimitsa, mphepo yoziziritsa imaleka, kutentha konse kumakwera, petulo wa m'timapaipimo amawira n'kudzikankhira m'njira za mpweya. Mukabwera patapita mphindi 15 mutathira mafuta, mumapeza masilinda akhuta koma timapaipi tili ndi nthunzi yokha. Amene sadziwa amayatsa pampu n'kuonjezera mafuta pa injini yokhuta kale, mpaka batire kutha. Ine ndimachita motere: pampu sindiyatsa, mixture kumbuyo kotheratu, throttle yotsegula pang'ono, n'kupukusa. Ikangogwira ndimakankha mixture modekha, osati mwamphamvu, ndipo ikayamba kutsokomola ndimayatsa pampu ya magetsi kuti ithamangitse nthunzi. Poimika ndege ndimayang'anitsa mphuno kumphepo ndi kutsegula kachitseko ka oyilo pamwamba pa cowling kuti kutentha kutuluke. Zikalowa m'manja sizivutanso. FM-200 imabwera ndi purge valve imene imabweza mafuta otentha ku thanki musanalize, yomwenso mumazimitsira injini. FM-150 imazima ndi mixture yokha ndipo siifuna valavuyo, n'chifukwa chake ndinaisankha: chingwe chimodzi chochepa m'ndege, paipi imodzi yochepa pamwamba pa injini.

Za mtengo sindilemba manambala, chifukwa randi ndi dola sizikhala malo amodzi. Ndingoti musawerengere servo yokha. Onjezani mapampu awiri, fyuluta, mahosi, mabulaketi, chonyamulira, msonkho, komanso geji yoonetsa kutentha kwa utsi ndi kwa mutu wa silinda iliyonse payokha pamodzi ndi malita pa ola. Popanda geji imeneyo simungayeze manozo, ndipo theka la ubwino wa chipangizochi latayika. Mukaphatikiza zonse, kusiyana ndi ya kompyuta si kwakukulu monga anthu amaganizira, kufikira mutaonjeza alternator ndi batire zachiwiri kumbali inayo.

Amene mukufuna kuthira petulo wa galimoto nthawi zonse, makamaka kotentha ndi kokwera ngati kuno, ganizirani mofatsa ya kompyuta ija. Petulo wa galimoto amawira msanga kuposa avgas, ndipo pampu yomatidwa kumbuyo kwa injini yotentha, imene imachita kukoka mafuta kuchokera m'mapiko, si bwenzi lake. Nkhani ya mtovu nayo ikusuntha. Ku America FAA, bungwe loyang'anira za ndege, inavomereza G100UL ya GAMI, avgas yopanda mtovu, mu 2022, ndipo cholinga chawo ndi kuchotsa mtovu mu avgas pofika kumapeto kwa 2030. Zimenezo zikadzafika kuno, mafuta amene tizidzapeza pa mabwalo atha kusintha maganizo a ambiri a ife.

Pa chifukwa chimenechi, ngakhale musankhe FM-150 monga ife, ikiranitu mutu wa paipi yobweza mafuta pa thanki lililonse pamene mukumanga matankiwo, musanawamate ndi guluu wa Proseal, n'kuutseka ndi kapu. Ndi kachitsulo kotchipa ndi bowo limodzi pa nthiti ya m'mbali. Kudzauika ndege itatha ndiye kumasula thanki pa phiko, kuboola mosamala kuti tinyenyeswa tisagwere m'kati, ndi kumatanso ndi dzanja lolowetsa pa kabowo koyenderapo. Athu ali pamenepo, otseka.